Flora Suya ndi Funso la Chilankhulo m'Mafilimu a ku Malawi

Pa 10 Epulo 2010, mumzinda wa Yenagoa m'chigawo cha Bayelsa ku Nigeria, munachitika mwambo wachisanu ndi chimodzi wopereka mphoto za Africa Movie Academy Awards. Pa mndandanda wa amayi opikisana pa mphoto ya wosewera bwino koposa pa gawo lalikulu panali maina odziwika kale ku Nigeria ndi ku Ghana, monga Stephanie Okereke ndi Bimbo Akintola, ndipo pakati pawo panalinso dzina lachilendo kwa ambiri mwa omwe anasonkhana usikuwo: Flora Suya, wa ku Malawi, chifukwa cha gawo lake m'filimu ya Seasons of a Life. Mphotoyo sanaitenge. Inapita kwa amayi atatu a ku Ghana, Jackie Appiah, Lydia Forson ndi Naa Ashorkor Mensah-Doku, omwe anasewera limodzi mu The Perfect Picture. Koma mnzake wa m'filimu yomweyo, Tapiwa Gwaza, anabwerera kumudzi ndi mphoto ya wosewera bwino pa gawo lothandizira. Amayi awiriwa ankachokera m'dziko lomwe wailesi yake yakanema inali itangokwanitsa zaka 11 zokha.

Kuti munthu amvetse kukula kwa nkhaniyi ayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, Malawi analibe wailesi yakanema. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Lamulo lounika zosangalatsa la mu 1968 linapatsa boma mphamvu zoletsa kapena kudula filimu, buku ndi sewero lililonse. Choncho luso la zisudzo linakulira m'malo awiri okha, pa wailesi ya MBC ndi pa nsanja, ndipo linakula litagawanika pawiri potsata chilankhulo. Mbali imodzi kunali zisudzo za Chingerezi: mpikisano wa masukulu a sekondale wa ATEM, womwe cholinga chake chenicheni chinali kuphunzitsa Chingerezi, ndiponso gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre lomwe Du Chisiza Jr. anayambitsa mu 1987. Mbali inayo kunali zisudzo za Chichewa: Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi, gulu la Kwathu, ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo. Pang'ono ndi pang'ono m'mitu mwa anthu munakhazikika maganizo akuti sewero la Chingerezi ndi la nkhani zakuya, loyenera anthu ophunzira, pomwe la Chichewa ndi loseketsa basi. Maganizowa anali olakwa, pakuti aliyense woonerapo Kwathu akudziwa kuti kuseka kwake kunkabisa mbola. Komabe anakhazikika, ndipo pamene Amalawi anayamba kugwira kamera, anawatengera ku filimu.

Amene anatsegula khomo kwa Flora Suya ndi Charles Shemu Joyah, munthu yemwe ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo. Mbiri yake ikukhudza owerenga a kutsidya kwa Zambezi, chifukwa iye anabadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi. Ndi mmodzi mwa ana a mbadwo uja womwe unatsikira "ku Halale", ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, kukagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Mashonaland ndi m'migodi ya golide monga wa Arcturus, kum'mawa kwa Harare. Ambiri mwa iwo anatchona, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'makomboni momwemo, zikuvina Gule Wamkulu ndi kulankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chishona. Joyah ndi wa gulu lomwe linabwerera. Anaphunzira ku Malawi ndi ku England, ndipo anafika pa filimu ali munthu wamkulu kale, kudzera m'kampani yakeyake ya FirstDawn Arts.

Apa ndi pofunika kuima kaye pa mawu akuti filimu "yoima payokha". Ku America mawuwa amatanthauza filimu yopangidwa kunja kwa makampani akuluakulu a ku Hollywood, ndipo wosewera amatha kusankha kupita kumeneko pofuna gawo lomwe makampaniwo sangampatse. Ku Malawi kusankha koteroko kulibe, popeza makampani akuluakuluwo kulibe. Filimu iliyonse ndi yoima payokha, kutanthauza kuti pali munthu mmodzi amene wapinyolitsa zake, kapena wagogoda pa makomo a mabungwe ndi akazembe, kuti kamera iyake. Kwa mayi wosewera, ufulu umenewu uli ndi tanthauzo limodzi lowawa: palibe womulemba ntchito ya mwezi ndi mwezi, ndipo gawo lotsatira lidzabwera tsiku lomwe wina adzapezenso ndalama.

Seasons of a Life inatuluka mu 2008. Flora Suya anasewera ngati Sungisa, mtsikana wantchito m'nyumba ya banja lopeza bwino koma lopanda mphatso ya mwana. Bambo wa m'nyumbamo, Kondani, yemwe gawo lake anasewera Bennie Msuku, amupatsa pathupi, ndipo mwana wobadwayo mapeto ake aleredwa ndi banja lomwelo, mayi ake enieni atachotsedwa pa chithunzi. Patapita zaka Sungisa abwerera ali wophunzira, nakasuma ku bwalo la milandu kufuna mwana wake. Gawoli ndi lovuta chifukwa limafuna kuti munthu mmodzi akhale anthu awiri okhulupirika: mtsikana wogwetsa maso pansi, ndi mayi woima nji pamaso pa woweruza. Wosewera wosakhwima amakokomeza mbali zonse ziwiri, woyamba n'kukhala chitsiru, wachiwiri n'kukhala mkango. Suya anasunga ulusi umodzi pakati pa awiriwo, kotero kuti woonera amatha kuona mayi wa ku khoti uja ali kale m'maso mwa mtsikana wa kukhitchini. Filimuyi inaonetsedwa ku FESPACO ku Ouagadougou mu 2009, inalandira mphoto ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Zanzibar chaka chomwecho, kenaka n'kufika ku Yenagoa.

Koma mbali yaikulu ya zokambirana m'filimuyi ili m'Chingerezi, ndipo apa ndi pamene wokonda chilankhulo amayamba kudandaula. Nkhani ya Sungisa ndi nkhani ya ulemu ndi mphamvu, ya yemwe ali pamwamba ndi yemwe ali pansi, ndipo Chichewa chili ndi zipangizo zoonetsera zimenezi zomwe Chingerezi chilibe. M'nyumba yotere wantchito amati "inu", "abwana", "amayi", ndipo amaika "a-" waulemu pa mneni aliyense: "abwera", "akufuna tiyi". Iye amayankhidwa kuti "iwe", mwinanso osatchulidwa dzina. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha wa bwana ndi wantchito yemwe. Tsiku lomwe Kondani angakakamizike kunena kuti "inu mayi" kwa mtsikana yemwe kale ankamuti "iwe", nkhani yonse ya filimuyo ikanathera m'mawu awiri amenewo, ndipo mayi aliyense wa ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Arcturus akanaimva m'mafupa. Pokhala kuti chida chimenechi anachilandidwa, Suya anayenera kunyamula kusinthako ndi thupi: kaimidwe, kayendedwe, ndi komwe maso ake ayang'ana. Anakwanitsa, ndipo n'chifukwa chake oweruza a ku Nigeria anamuona. Koma anagwira ntchitoyo ngati mlimi wopatsidwa khasu lopanda mpini.

Sikuti Joyah anasankha Chingerezi chifukwa chonyoza chilankhulo cha makolo ake. Masamu ake anali omveka. Nyumba zambiri zoonetseramo kanema za ku Blantyre ndi ku Limbe zinali zitatsekedwa kalekale, ndipo filimu ikangotuluka pa DVD, m'masiku owerengeka inkapezeka itakoperedwa pa msika, mwini wake osaonapo khobidi, ngakhale bungwe la COSOMA lilipo. Filimu yodya ndalama zambiri sikanabweza ndalamazo kumudzi. Chiyembekezo chinali kunja, ku zikondwerero, komwe anthu ankakhulupirira kuti oweruza ndi ogula safuna kuvutika ndi kuwerenga mawu omasulira pansi pa chithunzi. Ku Zimbabwe zinayendanso chimodzimodzi zaka 15 m'mbuyo mwake. Neria, filimu ya mu 1993 yomwe anatsogolera Godwin Mawuru pa nkhani yolembedwa ndi Tsitsi Dangarembga, imakamba za mayi wamasiye wolandidwa chuma ndi achibale a mwamuna wake, nkhani ya m'mudzi weniweni wa Chishona. Koma Jesesi Mungoshi analira maliro ake m'Chingerezi, Chishona n'kutsalira makamaka m'nyimbo za Oliver Mtukudzi. Kuyambira pamenepo kufikira lero, zidzukulu za matchona ku Zimbabwe zamva chilankhulo chawo kwambiri m'magitala a Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso kusiyana ndi pa kanema.

Panadutsa zaka zinayi kuti Suya aonekenso m'filimu yaikulu ya Joyah. The Last Fishing Boat ya mu 2012 inajambulidwa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Malemu Hope Chisanu anasewera ngati Yusufu, msodzi yemwe nsomba zikumuthera m'nyanja pamene malo ogona alendo akumera m'mphepete mwake, ndipo Suya anali Abiti Anefa, mkazi wake wachitatu, wamng'ono ndi wokongola, yemwe mzungu wodzaona malo wamuponyera diso. Dzina lokhalo likuphunzitsa kanthu. "Abiti" ndi mawu a Chiyao otanthauza "mwana wamkazi wa", ochokera ku "binti" wa Chiswahili ndi Chiarabu, chizindikiro cha njira zakale za malonda ndi Chisilamu zochokera ku gombe la nyanja ya mchere. Mayiyu satchulidwa ndi dzina lakelake, amatchulidwa ndi la kholo lake. Ndipo m'filimu yonse amuna atatu kapena anayi akumuyesa chuma choti n'kulimbirana. M'filimuyi Chichewa chimamveka pambali pa Chingerezi, ndipo kusamvana kwa zilankhulo ndi gawo la nkhaniyo. Gawo la Abiti Anefa ndi la mawu ochepa, la munthu amene mwambo sumulola kunena zomwe akuganiza, ndipo ndi pomwe luso la Suya losewera ndi nkhope linaonekera kwathunthu.

Anasankhidwanso kupikisana pa mphoto yomwe ija mu 2013, ku Yenagoa komweko. Filimuyo inapata mphoto ya nyimbo zabwino koposa, koma ya wosewera wamkazi inapita kwa Florence Masebe wa ku South Africa. Chofunika kuchiona ndi filimu yomwe Masebe anapambana nayo. Elelwani, yotsogoleredwa ndi Ntshavheni wa Luruli kuchokera m'buku la Titus Maumela, ndi filimu yaitali yoyamba ya m'Chivenda, chilankhulo chomwe olankhula ake ndi ochepa kwambiri powayerekeza ndi a Chichewa ndi Chinyanja m'maiko anayi. Oweruza aja, omwe ankaopedwa kuti sangawerenge mawu omasulira, anawerenga, napereka mphoto kwa mayi wosewera m'chilankhulo cha amayi ake. Chiphunzitso chakuti Chingerezi ndiye mlatho wokhawo wopita kunja chinayamba kung'aluka usiku umenewo, ngakhale kuti ku Malawi ochepa okha anazindikira.

Kusankhidwa kawiri pa mphoto yaikulu ya mu Africa, kukanakhala ku Lagos kapena ku Johannesburg, kukanabweretsa magawo otsatizana. Ku Blantyre kunabweretsa zithunzi m'nyuzipepala ndi mafunso pa wailesi. Opanga mafilimu a msinkhu wa Joyah anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo aliyense ankatenga zaka kuti asonkhanitse ndalama za filimu imodzi. Mwayi wotsatira unachokera kutsidya kwa malire a Mchinji ndi Mwami: mu 2015 Suya anasewera gawo lalikulu mu Chenda, filimu ya ku Zambia ya Owas Ray Mwape, yokamba za mayi yemwe banja lake likugwedezeka chifukwa chosabereka. Ulendo umenewu unali wosowa, ndipo kusowa kwakeko n'kodabwitsa. Munthu wa ku Lilongwe ndi wa ku Chipata amamvana popanda womasulira. Wa ku Lusaka, ngakhale Chinyanja chake chadzaza mawu a Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, amatsatira sewero la ku Malawi bwinobwino. Chimodzimodzi wa ku Angónia m'chigawo cha Tete. Oimba anauzindikira kale msika umenewu, ndipo nyimbo zimaoloka malire tsiku ndi tsiku. Mafilimu okha ndiwo akhala akuyang'ana ku Ulaya ndi ku Nigeria, kusiya abale a pakhomo.

Chotsatira chinali chomwe amayi ambiri a luso lotere amafikapo akatopa kudikira. Suya analemba ndi kutsogolera filimu yakeyake, My Mother's Story, yomwe inatuluka mu 2016, yokamba za mayi wolera ana yekha. M'chaka chomwecho mnzake Joyce Mhango Chavula, yemwenso anayamba ngati wosewera, anapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos ndi filimu yake ya Lilongwe, pa gawo la mafilimu a kum'mwera kwa Africa. Njirayi siinali yatsopano. Gertrude Kamkwatira anaiyenda kale pa nsanja: anali wosewera wa Wakhumbata, natsogolera gululo Du Chisiza Jr. atamwalira mu 1999, kenaka n'kuyambitsa lakelake la Wanna-Do, akudzilembera yekha masewero mpaka imfa yake mu 2006. Ena amatcha zimenezi kukwera pa udindo. Kunena zoona, nthawi zambiri ndi njala ya ntchito: mayi amene akufuna gawo loyenera luso lake amayenera kulilemba yekha, kufunafuna ndalama yekha, ndi kudzilemba yekha ntchito.

Kenaka kunabwera chaka cha 2019, ndi filimu yomwe inafikitsa Chichewa m'makutu a anthu ochuluka kuposa ina iliyonse m'mbiri. The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, inaonetsedwa ku Sundance mu Januwale n'kuikidwa pa Netflix pa 1 Marichi. Chiwetel Ejiofor, yemwe anaitsogolera ndi kuseweramo ngati bambo a William, anaumirira kuti ijambulidwe ku Malawi komweko ndi kuti banja la m'nkhaniyo lizilankhulana m'Chichewa. Pa ichi ayenera kuyamikidwa, chifukwa akanatha kuchita zosavuta. Koma William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo amayi ake, Agnes Kamkwamba, anali Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Mwa anthu a m'banjamo, Lily Banda, yemwe anasewera ngati Annie mlongo wa William, ndiye anali Mmalawi.

Amalawi ambiri oonera anaseka, ena anakwiya, ndipo chomwe chinawapweteka m'khutu chili ndi dzina. Chichewa ndi chilankhulo cha kamvekedwe kokwera ndi kotsika. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa msika amalembedwa mofanana, ndipo chowasiyanitsa ndi kukwera kwa liwu pa phatikizo lapakati. "Ndimathandiza" angatanthauze chizolowezi cha masiku onse kapena zomwe munthu amachita posachedwapa, malinga ndi pomwe liwu lakwera. Palinso mpweya wotsatira p, t ndi k, womwe umasiyanitsa "kuponya" ndi "kuphonya". Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho mlendo woloweza mawu kuchokera pa pepala amatchula zilembo zonse molondola koma nyimbo ya chiganizo n'kuiphonya. Maïga ndi wosewera waluso, ndipo chisoni cha mayi wa m'chaka cha njala anachionetsa mogwira mtima kwa woonera wa ku London. Kwa woonera wa ku Kasungu, mayiyo ankamveka ngati mlendo. Zifukwa za kasankhidwe kotere n'zodziwika, poti oika ndalama amafuna maina omwe ogula a ku Ulaya awamvapo. Zotsatira zake zinali zopweteka ndithu: amayi a ku Malawi anasewera m'Chingerezi kwa zaka khumi kuti dziko liwaone, ndipo tsiku lomwe dziko linafuna mayi wolankhula Chichewa, linakamutenga ku Paris.

Pa nthawiyi n'kuti mphepo itatembenuka kale. Mu 2017 Rungano Nyoni anatulutsa I Am Not a Witch, yojambulidwa ku Zambia ndi kamtsikana Maggie Mulubwa komwe kanali kasanasewerepo filimu, momwe Chinyanja chimamveka pamodzi ndi zilankhulo zina za m'dzikomo. Inaonetsedwa ku Cannes ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Kumudzi nako umboni unali poyera kwa aliyense wodutsa pa nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika, momwe anyamata amamasulira m'Chichewa mafilimu a ku China ndi ku India, anthu n'kumalipira kuti aonere. Joyah mwiniwake, pa filimu yake yachitatu ya The Road to Sunrise ya mu 2017, yomwe gawo lalikulu anasewera Mirriam Phiri, anapatsa Chichewa malo aakulu, ndipo ndi imene inakhala filimu yoyamba kutumizidwa ndi dziko la Malawi ku mpikisano wa Oscar mu 2018. Yachiwiri inali Fatsani: A Tale of Survival ya Gift Sukez Sukali, momwe Hannah Sukali anasewera ngati kamtsikana kogulitsa malonda mumsewu.

Gawo la Oscar lomwe mafilimuwa anatumizidwako lili ndi lamulo lakuti zokambirana zambiri zisakhale m'Chingerezi. Mu Novembala 2019 lamuloli linagwetsa Lionheart, filimu yoyamba yomwe dziko la Nigeria linatumiza, yotsogoleredwa ndi Genevieve Nnaji, mayi winanso yemwe anachoka kutsogolo kwa kamera n'kupita kumbuyo kwake. Chiigbo chinalimo kwa mphindi zosapitirira 12 mwa mphindi 95. Pa muyeso womwewo, Seasons of a Life, filimu yomwe inatengera dzina la Flora Suya ku Yenagoa koyamba, sikanaloledwa n'komwe kulowa mpikisanowo.